CHIMBALE CHIMENE RCA IDACHIKANA

Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi adalowa usiku wina nandipeza ndikumvera nyimbo za mbali yachiwiri ya chimbale cha David Bowie chotchedwa Low. Adaima pakhomo kanthawi, mabuku ali m'khwapa, kenaka adandifunsa motsitsa mawu ngati kumudzi kuli bwino. Nditamuyankha kuti onse ali gwa, adati, "Nanga nyimbo zamalirozi nzachiyani, achimwene?" Patapita masiku awiri okha ndidamumva mwini wakeyo akuchapa malaya uku akuliza mluzu wa nyimbo ya Human League ija yotchedwa "Don't You Want Me", osadziwa kuti akuyimba mdzukulu wa nyimbo zamaliro zomwe zija. Chibale chimenechi ndicho ndafuna kuti tichilondole m'nkhani ino, tione kumene chidayambira komanso pamene chimathera, pakuti olemba mbiri ya nyimbo ambiri amachikokomeza mpaka kuiwala anthu ena amene adagwira ntchito yaikulu.

Tiyambe ndi munthuyo. David Bowie, amene dzina lake lobadwa nalo lidali David Jones, adabadwira ku Brixton mu mzinda wa London pa 8 Januwale 1947. Pofika 1975 nkuti atatchuka kale kawiri: koyamba ku Britain monga Ziggy Stardust, mnyamata wa tsitsi lofiira wovala ngati wagwa kumwezi, ndipo kachiwiri ku America ndi chimbale cha Young Americans, chimene mbali yake yaikulu adajambulira ku Philadelphia potsanzira nyimbo za soul za anthu akuda. Nyimbo ya "Fame", imene adapeka pamodzi ndi John Lennon ndi Carlos Alomar, idafika pa nambala 1 ku America m'chaka chomwecho. Ndalama zinkalowa, koma munthuyo ankatha. Ku Los Angeles kumene adakakhala adamira mu cocaine. Ankatha masiku osagona, chakudya chake chidali mkaka ndi tsabola, adaonda ngati bango, ndipo mutu wake udadzala ndi mantha a mfiti ndi zamatsenga. Za chimbale cha Station to Station, chimene chidatuluka mu Januwale 1976, iye mwini adadzanena kuti sankakumbukira bwino mmene adachijambulira.

Pali chinthu china chimene okonda Bowie safuna kuchitchula, koma ife sitingachilumphe. Mu 1976 adauza atolankhani kuti dziko la Britain lingapindule litakhala ndi mtsogoleri wachifasisiti, ndipo adalankhula za Hitler mopanda manyazi. Izi adazinena pa nthawi imene chipani cha National Front chinkaguba m'misewu ya ku Britain kuopseza anthu akuda ndi Amwenye. Bungwe la Rock Against Racism lidabadwa chaka chomwecho, makamaka kaamba ka mawu amene Eric Clapton adalavula pa nsanja ku Birmingham, koma dzina la Bowie nalo lidali pa mlanduwo. Pambuyo pake adawabweza mawuwo, nati mutu wake udali utasokonezeka ndi mankhwala. Ine ndimamukhulupirira theka. Woledzera kawirikawiri sapeka nkhani yatsopano. Chimene ndifuna muone nchakuti anthu amene ankaima kumbuyo kwake pa nsanja chaka chimenecho adali Dennis Davis woyimba ng'oma ndi George Murray wa besi, onse awiri akuda a ku America, ndi Carlos Alomar wa gitala, wobadwira ku Puerto Rico, amene adaphunzira ntchito ku Apollo Theater ku Harlem ndipo adayimbirapo James Brown. Mayina atatuwa muwasunge, tiwafunanso.

Pamene izi zinkachitika, ku West Germany kudali achinyamata amene adabadwa nkhondo yachiwiri ili m'kati kapena itangotha. Iwowa adakula ndi vuto lachilendo. Nyimbo za makolo awo zidali zitadetsedwa ndi ulamuliro wa Nazi, ndipo zimene ankamva pa wailesi zidali za ku America ndi ku Britain, mayiko amene asilikali ake adali atamanga misasa m'dziko mwawo. Za makolo sankazifuna, kukhala otsanzira blues sankafunanso, chotero adaganiza zolima mphanje. Ku Cologne kudabadwa gulu la Can, ku West Berlin Tangerine Dream, ku Düsseldorf Neu! ndi Kraftwerk. Klaus Dinger wa Neu! ankamenya ng'oma mosasintha, mosakometsera, kugunda kumodzimodzi kwa mphindi khumi ngati galimoto yoyenda pa msewu wopanda gulaye. Ralf Hütter ndi Florian Schneider a Kraftwerk adatulutsa Autobahn mu 1974, nyimbo ya mphindi 22 yonena za ulendo wa pa msewu waukulu, ndipo itafupikitsidwa idagulidwa kwambiri ku Britain ndi ku America mu 1975. Atolankhani a ku London adapatsa nyimbo zonsezi dzina lachipongwe la krautrock, ndipo dzinalo lidakanirira mpaka lero.

Chida chachikulu cha ambiri mwa iwo chidali sinthesaiza. Kwa amene sanaiganizirepo, sinthesaiza ndi limba lopanda nsambo, lopanda chikopa, lopanda mphako youziramo mpweya. Liwu lake limabadwa m'magetsi momwemo, ndipo woyimba amalisefa, kulipinda ndi kulitalikitsa potembenuza timabatani. Zoyamba za Robert Moog zidali zazikulu ngati kabati ya zovala, mpaka mu 1970 pamene idatuluka Minimoog yonyamulika m'manja. Oyimba rock monga Keith Emerson ndi Rick Wakeman ankaigwiritsa ntchito poonetsa liwiro la zala zawo. Stevie Wonder, kuyambira 1972, adaonetsa kuti chidachi chingathe kulira mwachikondi ngati munthu. A ku Germany aja ndiwo adachilola kuti chimveke monga mmene chilili, makina obwereza chinthu chimodzi osatopa. Bowie ankazimvera zimbale zawozi mosalekeza, kotero kuti pa ulendo wake woyimba wa 1976 anthu asanamuone pa nsanja ankayamba amvera kaye Radio-Activity ya Kraftwerk.

Pakati pa 1976 adasamuka ku America. Katundu adamtula ku Switzerland, koma mwini wake sadakhazikikeko. Adatengana ndi mnzake Iggy Pop, amene nayenso mankhwala adali atamfikitsa ku chipatala cha odwala misala, napita ku Château d'Hérouville, chinyumba chakale cha kunja kwa Paris chimene chidasandutsidwa situdiyo. Kumeneko adayamba ndi chimbale cha Iggy chotchedwa The Idiot, ndipo Bowie adadzavomera kuti mnzakeyo adamsandutsa dimba loyeserapo mbewu. Ntchito ya Low idayamba mu Sepitembala m'nyumba yomweyo. Apa mpoyenera kukonza bodza limodzi lofala: chimbalechi amachiwerenga choyamba mwa zitatu zotchedwa za ku Berlin, pamodzi ndi "Heroes" ya 1977 ndi Lodger ya 1979, koma nyimbo zake zambiri zidajambulidwa ku France. Ku situdiyo ya Hansa ku West Berlin adangokamalizitsa. Moyo wa ku Château sudali wokoma. Chakudya chidawatsegula m'mimba, ndipo anthu ankati m'nyumbamo mumayenda mizukwa ya Chopin ndi George Sand, mwakuti Bowie adakana kugona m'chipinda chachikulu.

Wowongolera kajambulidwe pamodzi ndi Bowie adali Tony Visconti, ndipo adabwera ndi kabokosi katsopano kotchedwa Eventide Harmonizer. Kale ukafuna kutsitsa liwu unkachedwetsa tepi, ndiye zonse zinkayenda mwaulesi. Kabokosi aka kankatsitsa kapena kukweza liwu popanda kukhudza liwiro lake. Visconti adakalumikiza ku ng'oma yaing'ono ija ya sineya, nabweza liwu lotulukalo kuti lilowenso m'kabokosi, kotero kuti Davis akamenya kamodzi, liwulo linkagwa pansi ngati thumba la chimanga loponyedwa kuchokera pa lole. Chofunika kudziwa nchakuti Davis ankamva zimenezi m'makutu mwake pamene ankayimba, ndipo adaphunzira msanga kuti kagwedwe ka liwulo kankatsata mphamvu ya dzanja lake. Tsono sikuti makina adakometsa ng'oma yojambulidwa kale ayi. Munthu ankayimba ng'oma ndi makinawo pamodzi. Chimbale chitatuluka, anzake a Visconti ankamuyimbira lamya kufunsa chinsinsi, iye nkumangowafunsa kuti iwo akuganiza kuti adachita bwanji.

Brian Eno adafika nyimbo za mbali yoyamba zitaima kale pa miyendo yake. Uyu adachoka m'gulu la Roxy Music mu 1973, ankadzitcha yekha munthu wosadziwa kuyimba, ndipo mu 1975 adatulutsa Another Green World ndi Discreet Music, zimbale zimene Bowie adazikonda zedi. Adabwera kuchokera ku Forst, mudzi wa ku West Germany kumene adakhala masiku angapo akujambula ndi gulu la Harmonia, atanyamula kasinthesaiza ka EMS kokhala m'kasutikesi. Anthu ambiri mpaka lero amati Eno ndiye adali wowongolera chimbalechi, ndipo Visconti wakhala akudandaula nazo kwa zaka zambiri. Pa chikuto palembedwa Bowie ndi Visconti. Pa nyimbo khumi ndi imodzi za m'chimbalemo, dzina la Eno monga wopeka lidalembedwa pa imodzi yokha, "Warszawa". Ina imene Bowie adagawana ndi anzake ndi "Breaking Glass", ndipo anzakewo ndi Davis ndi Murray.

Mbali yoyamba ili ndi tinyimbo tisanu ndi tiwiri, tatifupi, kamodzi kosafika mphindi ziwiri. "Speed of Life" imayamba ngati watsegula chitseko cha holo gule ali pakati, ndipo ukudikira kuti woyimba alowe, nyimbo imazilala nkutha. Bowie adafuna kuikapo mawu koma adalephera. Mutu udali utauma, ndipo m'malo mobisa chilemacho adachisiya poyera. Pamene mawu alipo, ndi ochepa ndiponso ochititsa manyazi, onga amene munthu amalankhula yekha. Mu "Breaking Glass" munthu akuulula kuti waononga m'chipinda cha mnzake. Mu "Always Crashing in the Same Car" akuzungulira ndi galimoto m'garaja ya hotela, kubwereza cholakwa chimodzimodzi. Mu "Be My Wife" akupempha mkazi kuti akhale naye, limba likulira ngati la m'bala, pa nthawi imene banja lake lenileni ndi Angie linkagwa. Koma mfumu ya zonse ndi "Sound and Vision". Gitala ya nyimboyi ndi yansangala, besi ya Murray ikudumpha, sinthesaiza ikutsika ngati madzi a pa mathithi, Mary Hopkin, mkazi wa Visconti pa nthawiyo, akuthira mang'ombe, ndipo pafupifupi theka la nyimbo limatha mwini wake asanayambe ndime. Akayamba, nkhani yake ndi ya munthu amene watseka makatani nakhala pansi m'chipinda kudikira kuti nzeru zibwerere. Miyendo ikuvina, mwini miyendo akulira. Msanganizo umenewu, wa nyimbo yovinika yonena za kusungulumwa, ndiwo udadzakhala chakudya cha synth-pop kwa zaka khumi zotsatira.

Ukatembenuza chimbale umalowa dziko lina. Ng'oma za Davis zatha, magitala a rock atha, kwatsala nyimbo zinayi zazitali zoyenda pang'onopang'ono. "Warszawa" idapangidwa Bowie kulibe. Adapita ku Paris ku mlandu wake ndi Michael Lippman, amene kale ankamuyendetsera ntchito, nasiya mawu kwa Eno kuti apange nyimbo yodekha yonga ya m'tchalitchi. Mwana wa Visconti wa zaka zinayi ankasewera pa piyano, kubwereza manotsi atatu otsatizana, ndipo Eno adakhala pambali pake namalizitsa chimene mwanayo adayamba. Bowie atabwerako adayimbapo mawu a chinenero chimene kulibe padziko, motsanzira kwaya ya ku Poland yotchedwa Śląsk, imene chimbale chake adagula ku Warsaw sitima itaima. Mzindawo adangouona maola ochepa, koma imvi zake zidamkhala mumtima. "Art Decade" ndi ya West Berlin, chilumba chozingidwa ndi khoma kuyambira 1961. "Weeping Wall" adaiyimba yekha zida zonse, ndipo kagundidwe ka zisekese ndi timalimba take kamakumbutsa Steve Reich. "Subterraneans", imene idatsala pa nyimbo zimene adakonzera kanema wa The Man Who Fell to Earth koma sizidagwiritsidwe ntchito, adati ndi ya anthu otsekeredwa ku East Berlin. Chakumapeto kwake kumalira sakisafoni ya Bowie mwini, yosalongosoka bwino, ngati ya munthu amene akukumbukira jazi imene adaimva kalekale.

Kunena zoona, mbali yachiwiriyi siyonse imene imandigwira. "Weeping Wall" ndimaiona ngati ntchito ya mwana wasukulu wanzeru amene wangowerenga buku latsopano. Koma "Warszawa" ndi "Subterraneans" sindinazitope.

Akuluakulu a kampani ya RCA atachimva adagwa mphwayi. Iwo ankayembekeza Young Americans wachiwiri woti agulitse pa Khirisimasi, ndipo adalandira chimbale chimene nyimbo zisanu zokha ndizo zidali ndi mawu omveka. Adachikana, nachichedwetsa kuchoka mu Novembala 1976; kalata yokanayo Bowie adaipachika pa khoma kunyumba kwake. Tony Defries, manijala wake wakale amene ankalandirabe gawo la ndalama za zimbale, adayesanso kuchitsekereza. Chidatuluka pa 14 Januwale 1977, Bowie atangokwanitsa zaka 30. Pa chikuto padali chithunzi chake cha m'kanema uja, ataima cham'mbali, kumbuyo kuli mitambo yofiirira. Sadachite chilichonse chochitsatsa. M'malo mwake mu Malichi adanyamuka ndi Iggy Pop monga woyimba kiyibodi wamba, wokhala pakona pa nsanja. Nyuzipepala ya New Musical Express idasowa chochita mpaka idasindikiza ndemanga ziwiri, ya Ian MacDonald yoyamikira ndi ya Charles Shaar Murray yonyoza. Koma anthu adagula. Ku Britain chidafika pa nambala 2, ndipo amene adachitsekera njira adali Slim Whitman, mkulu woyimba nyimbo za country. Ku America chidafika pa nambala 11. "Sound and Vision" idafika pa nambala 3, mothandizidwa ndi BBC imene inkaiseweretsa polengeza mapulogalamu ake. Woyimba wina, Nick Lowe, ataona kuti dzina lake lalembedwa pa chimbale popanda chilembo chomaliza, adabwezera potulutsa kachimbale kake kotchedwa Bowi.

Kuti timvetse chifukwa chake chimbalechi chidabala ana ambiri, tiyenera kuona amene ankachimvera. Chuma cha Britain chidali pa mavuto, mwakuti mu 1976 boma lidakapempha ngongole ku IMF. M'mizinda ya mafakitale monga Manchester, Sheffield ndi Liverpool ntchito zinkatha. Mu Novembala 1976 Sex Pistols adatulutsa nyimbo yawo yoyamba, ndipo uthenga wa punk udali wakuti aliyense angathe kuyambitsa gulu ngakhale asadziwe kuyimba. Koma ena mwa achinyamatawo adaona kuti punk ndi rock yakale yomwe ija, yongothamangitsidwa ndi kukalipitsidwa. Pa nthawi yomweyo makampani a ku Japan, Korg ndi Roland, adayamba kugulitsa masinthesaiza aang'ono pa mtengo umene kalaliki akadaukwanitsa. Punk idawapatsa kulimba mtima, sitolo idawapatsa chida, koma padasowa wowauza kuti chidacho nchoyenera munthu wofuna kutchuka. Kraftwerk adali alendo, akuluakulu ovala masuti, ophunzira nyimbo ku sukulu. Bowie adali wawo, amene chithunzi chake adachimata pa khoma ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Iye atachita, ndipo nyimbo yake nkufika pa nambala 3, nkhani idatha.

Ku Manchester anyamata ena adatcha gulu lawo Warsaw potengera nyimbo ija, asanalisinthe kukhala Joy Division mu 1978. Woyimba ng'oma wawo, Stephen Morris, adafotokozapo kuti pojambula kachimbale kawo koyamba adapempha katswiri wa mu situdiyo kuti ng'oma zimveke ngati za mu "Speed of Life", koma mkuluyo adalephera. Ian Curtis atamwalira mu 1980, otsalawo adakhala New Order, ndipo mu 1983 adatulutsa "Blue Monday", nyimbo yovinika ya mawu ozizira, ng'oma zake zoyimbidwa ndi makina.

Amene adathyola chitseko kwenikweni ndi Gary Numan. Mu 1978 adalowa mu situdiyo kukajambula nyimbo za punk ndi gulu lake la Tubeway Army, napeza Minimoog imene ena adaisiya pakona. Adadina kamodzi, chipinda chidanjenjemera, ndipo adasintha maganizo pomwepo. Pakati pa 1979 nyimbo yake ya "Are 'Friends' Electric?", yoposa mphindi zisanu, yopanda kolasi yoti anthu nkuyimbira limodzi, idakhala pa nambala 1 kwa milungu inayi. Mu Sepitembala "Cars" idachitanso chimodzimodzi. Nkhope yopakidwa ufa woyera, kuima kouma, liwu la munthu woopa anzake, zonsezi atolankhani adati nzakuba kwa Bowie, ndipo Numan sadabise kuti adali womtsatira. Chomvetsa chisoni nchakuti bamboyo sadamlandire mwanayo. Malinga ndi kufotokoza kwa Numan, Bowie adamchotsetsa pamalo pamene ankajambula pulogalamu ya Kenny Everett ya pa wailesi yakanema kumapeto kwa 1979. Munthu amene moyo wake wonse adakhalira kubwereka kwa ena, kwa oyimba soul, kwa Neu!, kwa Eno, adapsa mtima ataona wina akubwereka kwa iye. Onaninso kuti Numan sadataye woyimba ng'oma. Pa chimbale cha The Pleasure Principle ng'oma adamenya ndi Cedric Sharpley, wobadwira ku Cape Town, ndipo ndiye amene adachititsa kuti makina a Numan akhale ndi chiuno.

Ku Sheffield, Martyn Ware ndi Ian Craig Marsh, ogwira ntchito ya makompyuta, adatenga mnzawo Philip Oakey, amene ankakankha odwala pa chipatala, nayambitsa Human League ndi lamulo lakuti gitala asalowe. "Being Boiled" idatuluka mu 1978. Bowie adakawaonera akuyimba ku London nauza atolankhani kuti waona tsogolo la nyimbo za pop. Awa adawadalitsa, kapena chifukwa sankafanana naye nkhope. Gululi lidagawikana mu 1980, Oakey adatenga atsikana awiri asukulu amene adawapeza akuvina m'kalabu, ndipo chimbale cha Dare cha 1981 chidabala nyimbo ija ya mnzangayu, imene idali pa nambala 1 ku Britain pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndi ku America mu 1982. Ku London, Steve Strange ndi Rusty Egan adayambitsa mu 1978 usiku wovina nyimbo za Bowie m'kalabu ya Billy's, nasamukira ku Blitz chaka chotsatira. M'menemo mudatuluka gulu la Visage ndi "Fade to Grey" ya 1980, ndipo Bowie adapitako yekha kukatenga Strange kuti aoneke m'kanema wa "Ashes to Ashes". Ultravox, imene chimbale chake choyamba Eno adathandiza kujambula, idapita kwa Conny Plank, yemwe uja adajambula Neu! ndi Autobahn, ndipo "Vienna" idafika pa nambala 2 mu 1981. Kwa ine "Vienna" ndi mbali yachiwiri ya Low itavekedwa jekete ndi kupatsidwa kolasi.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amati Low ndiye tate wa synth-pop. Mvetserani bwino mbali yoyamba ija: imene ikunyamula nyimbo ndi ng'oma, besi ndi gitala, zoyimbidwa ndi manja a anthu, ndipo sinthesaiza ikungothira mchere. Mafupa enieni a synth-pop, kugunda kwa makina kobwerezabwereza, adachokera kwina. Mu Malichi 1977 Kraftwerk adatulutsa Trans-Europe Express, mmene adatchulamo Bowie ndi Iggy Pop, ndipo Bowie adabweza ulemuwo ndi "V-2 Schneider". Andy McCluskey wa Orchestral Manoeuvres in the Dark adatembenuka mtima ataonera Kraftwerk ku Liverpool mu 1975, Low kusanaganiziridwe nkomwe. Ndipo m'chaka cha 1977 chomwecho, ku Munich, Giorgio Moroder ndi Donna Summer adatulutsa "I Feel Love". Bowie mwini adasimba kuti Eno adalowa nayo mu situdiyo ku Berlin akuthamanga, nanena kuti nyimbo imeneyi isintha mavinidwe a m'makalabu kwa zaka khumi ndi zisanu. Eno adachepetsa zakazo. Daniel Miller, amene adajambula "Warm Leatherette" kunyumba kwake mu 1978 ndi kasinthesaiza ka Korg nayambitsa kampani ya Mute, nayenso adali mwana wa magulu a ku Germany. Chimene Low idapereka ndi mtima wa nyimbozo, chilolezo chakuti woyimba wa pop angathe kukhala wozizira, wamantha, wa mawu ochepa, ndi kuyang'ana ku Berlin m'malo mwa ku Memphis.

Koma kuyang'ana ku Berlin kumeneku kudabisa kanthu. Ana aja adamva chimbale cha ku Ulaya, cha makoma ndi sitima ndi chisanu, osazindikira kuti chimene chinkawagwedeza mapewa ndi anthu atatu okulira m'nyimbo za soul, funk ndi jazi. Davis adali atayimba ndi Roy Ayers asanakumane ndi Bowie. Chotsani iye, Murray ndi Alomar mu "Sound and Vision", mutsala ndi munthu wodandaula m'chipinda. Pamene makina oyimba ng'oma monga Linn LM-1 ndi Roland TR-808 adafika mu 1980, mpando wa woyimba ng'oma ndiwo udayamba kuchotsedwa, ndipo liwu la sineya lalikulu, lophwanyika, limene Davis adalipanga ndi dzanja lake, lidasanduka chinthu chofunidwa m'mabatani. Mu 1982 nthambi ya pakati pa London ya bungwe la oyimba la Musicians' Union idafika pogwirizana kuti masinthesaiza aletsedwe chifukwa ankalanda anthu ntchito. Palibe adamvera. Chaka chomwecho "The Model" ya Kraftwerk, nyimbo ya 1978, idafika pa nambala 1 ku Britain. Depeche Mode, anyamata a ku Basildon amene Miller adawalera, adapita okha ku Hansa pakati pa 1983 ndi 1986 kukagwira ntchito m'nyumba imene Bowie adajambuliramo "Heroes", pafupi ndi khoma lija, limene lidadzagwa mu 1989.

Chimbale chimene RCA idachikana chidadzalandira ulemu wonse. Philip Glass adapeka simfone yake yoyamba mu 1992 pomanga pa nyimbo zake, ndipo mu 2004 a Pitchfork adachiika pamwamba pa zimbale zonse za m'ma 1970. Mnzanga uja nditamuseweretsa "Sound and Vision" adavomera kuti iyi ndiye nyimbo, nafunsa dzina la womenya ng'oma. Mbali yachiwiri akuikanabe. Davis ndi Murray adayimba ndi Bowie komaliza pa chimbale cha Scary Monsters mu 1980. Murray adasiya zoyimba posakhalitsa, Davis adapita kwa Stevie Wonder, ndipo Alomar yekha ndiye adapitiriza kubwerera kwa Bowie kwa zaka zambiri. Bowie adamwalira ku New York pa 10 Januwale 2016, dziko lonse lidalira. Dennis Davis adamtsatira pa 6 Epulo chaka chomwecho.